Injini Yofa ndi Ludzu Pakati pa Nyanja

Ku Southerton kulibe nyanja. Kuli mafakitale, malole oyenda usana ndi usiku, fungo la fodya ndi la chimera mumsewu wa Manchester, ndiponso chipatala chachikulu chija anthu amangoti ku Gomo. Koma mukasuzumira kuseri kwa mipanda ina mupeza maboti ali pa matirela, mainjini awo atapachikidwa pa zitsulo kudikira mmisiri. Nyanja ya Chivero, imene kale inkatchedwa Lake McIlwaine, ili pa mtunda wa makilomita opitirira 30 potsata msewu wa ku Bulawayo. Inapangidwa mu 1952 atatseka mtsinje wa Manyame, ndipo kuyambira pamenepo anthu a mu Harare akhala akumwa madzi ake, kuwedzamo ndi kuyendamo pa maboti. Injini ikadwala kunyanjako imabwera kuno, kumene kuli osula ndi owotcherera zitsulo.

Ambiri a ife amene anzathu Achishona amatitcha Achimwene ndife zidzukulu za anthu amene anachoka ku Nyasaland, ena m'nthawi ya Chitaganya cha 1953 mpaka 1963, ena kale kuposa apo, kudzagwira ntchito kunjanji, m'mafakitale ndi m'minda ya fodya. Anakhazikika ku Rugare, ku Mbare, ku Highfield ndi kwina. Amene anachokera ku Nkhotakota, ku Salima ndi ku Mangochi anabwera ndi nkhuli ya nsomba, ndipo nkhuliyo anaisiyira ana awo. Nkhani iyi ndi ya mmodzi wa ana amenewa, mnyamata wa luso lowotcherera zitsulo, wakhama pa ntchito, wosamwa ndi wosaba. Vuto lake linali limodzi: sankafuna kuuzidwa kawiri, ndiponso sankafuna kudikira.

Mnyamatayu anamva kuti banja lina likugulitsa katundu wa bambo awo amene anamwalira, ndipo pa katunduyo panali injini ya boti ya Johnson, ya mahosipawa 15, yopangidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Inali itakhala m'galaja zaka zambiri. Mwana wa malemu, pofuna kusonyeza kuti katunduyo ndi wamoyo, anaipachika pa thabwa, anathira petulo wosakaniza ndi oyilo, n'kukoka chingwe. Kachitatu injini inalira. Anailiza ndithu kwa kanthawi, akuwonjezera moto, utsi wabuluu uli tolotolo m'bwalo lonse. Pansi pa injiniyo panalibe madzi ngakhale dontho. Wogula anasekerera, anawerenga ndalama, nainyamula.

Madzulo ake anaitengera ku Rugare kwa amalume ake, mkulu amene anatha unyamata wake ku Kariba akukonza mainjini a asodzi a kapenta ndi a maboti onyamula alendo. Anayembekezera kuyamikiridwa.

“Amalume, mukanaimva mmene inalilira! Kukoka katatu kokha.”

“Inalira ili m'madzi?”

“Ayi, pa thabwa. Koma sizinatenge nthawi, amalume.”

Mkuluyo anapukusa mutu. “Mwanawe, wagula injini yabwino, koma aipha ukuona. Kuiliza popanda madzi n'chimodzimodzi kutereka mphika wouma pamoto. Khala pansi ndikuonetse.”

Zimene anamuonetsa ndi zimene aliyense wokhala ndi injini yotere ayenera kuzidziwa. Injini ya galimoto imayenda ndi madzi ake mu rediyeta. Ya boti ilibe rediyeta. Imamwa madzi a nyanja yomwe ikuyendamoyo. Kumunsi kwa mwendo wake, pafupi ndi pulopela, kuli timabowo tolowera madzi. Pamwamba pa giyabokosi pali pampu, ndipo m'kati mwa pampuyo muli impela, kamphira ka mapiko kokwana m'dzanja la mwana, kovekedwa pa shafiti ndi kugwiridwa ndi kakiyi kachitsulo. Shafiti ikamazungulira, mapiko a mphirawo amapindika ndi kutambasuka, n'kumakankhira madzi m'kapaipi kokwera kumutu kwa injini. Kumeneko madzi amazungulira m'timisewu tozinga masilinda, n'kutenga kutentha, n'kutulukira kumodzi ndi utsi. Pang'ono pokha amatulukira pa kabowo ka m'mbali, kuti woyendetsa aziona ndi maso ake kuti pampu ikugwira ntchito.

Madzi omwewo ndi amene amafewetsa impela pamene ikukhuzana ndi chitsulo cha pampu. Akasowa, mphira umatentha msanga kwambiri. Theka la mphindi limakwana kuti mapiko apse nsonga, alimbe kapena athothoke. Ndipo mphira umakalamba ngakhale injini ikungokhala. Impela imene yatha zaka itapindikira mbali imodzi m'galaja imauma, siwongokanso, ndipo ikazungulira koyamba imasweka.

Anamasula mabawuti, anachotsa kolumikizira ndodo ya magiya, natsitsa mwendo wa m'munsi. Atatsegula pampu, fungo la mphira wopserera linawalonjera. Impela inali yakuda, yong'aluka, ndipo mapiko ake awiri panalibe.

“Awiriwa ali kuti?” anafunsa amalume.

“Anathothoka basi. Tigula ina.”

“Ndikufunsa kumene ali, mwanawe. M'pampu muno mulibe. Ndiye kuti anakwera m'paipi. Usabwezere chilichonse usanawapeze onse, uwayale apa pansalu, uwalumikize ndi impela yakaleyi mpaka ikwane. Ndipo ugule zonse za pampu: impela, mbale yake yapansi, magasiketi ndi kakiyi. Utenge nambala ya injini ili pa kachitsulo apa, usagule poyerekeza ndi maso.”

Apa m'pamene panagona vuto. Zipangizo za mainjini amenewa sizipezeka pa kona iliyonse. Kampani imene inkapanga Johnson ndi Evinrude ku America, ya Outboard Marine Corporation, inagwa m'chaka cha 2000. Ena anagula mayinawo n'kupitiriza, koma Johnson anasiya kupangidwa patapita zaka zochepa, ndipo Evinrude, dzina limene Ole Evinrude anayamba nalo malonda ku Milwaukee mu 1909, linatsekedwa mu 2020. Zipangizo za pampu zikupangidwabe ndi makampani ena, koma kawirikawiri pamafunika kuitanitsa, mwina kudzera ku Johannesburg, n'kudikira. Mnyamata uja atamva kuti adikire milungu ingapo, mtima unakana. Unali mwezi wa October, dzuwa likuswa mtengo, ndipo anali atalonjeza kale mnzake kuti Loweruka akaponya mbedza ku Chivero.

Anazungulira m'misika ya zitsulo zakale mpaka anapeza munthu wina amene anamutulutsira impela yatsopano m'kathumba kopanda dzina. Poiyerekeza ndi yakale inkaoneka yofanana, kungoti inali yofupikirapo pang'ono msinkhu. Mtengo wake unali wosangalatsa. Sanabwerere nayo ku Rugare, podziwa zimene amalume akanene. Anakaimanga yekha kuntchito kwake.

Manja ake anali aluso, ndipo zambiri anachita bwino. Koma mbale yapansi, imene inali ndi mizere yokumbika, anangoipukuta n'kuibwezera. Gasiketi anadula pa katoni. Mapiko awiri aja anawafunafuna pang'ono, anauzira mpweya m'paipi ndi pakamwa, ndipo atamva kuti ukudutsa anati zatheka. Atatsegula pamene pamakhala thermostat anaipeza itagwidwa ndi dzimbiri ndi zoyangayanga zoyera. Mnzake wina wokonza magalimoto anati, “Ingochotsani, achimwene, kuno n'kotentha kale, imeneyo ndi ya kumayiko ozizira.” Anaitaya m'chitini cha zitsulo.

Poyesa anadzaza mgolo ndi madzi, naimikamo injini. Inalira bwino. Pa kabowo ka m'mbali panatuluka madzi, koma osati mothamanga: ankatuluka, n'kudukiza, n'kudontha, n'kutulukanso. Mkazi wake, amene anabweretsa chakudya cha masana, anaima n'kuyang'ana.

“Bambo a mwana, kodi madziwo amayenera kutuluka choncho? Bwanji osakawaonetsa amalume?”

“Ikakhala panyanja izikoka bwino. Mumgolo muno madzi ndi ochepa.”

Loweruka analawirira. Anali atatu: iye, mnzake amene anamulonjeza uja, ndi mwana wake wamwamuna wa pulayimale amene analira mpaka anatengedwa. M'boti munali mbedza, nyambo, chakudya, ndi nkhafi imodzi yokha. Majekete oyandamitsa munthu munalibe. Pochoka pagombe anayenda pang'onopang'ono, ndipo kamadzi kankaoneka. Anawedza tsiku lonse kutsidya, nsomba zinadya, mitima inali m'malo. Dzuwa litapendeka, mphepo inayamba, ndipo pofuna kufika kusanade anatsegula moto wonse.

Amene amaidziwa Chivero akudziwa zimene zimayandama m'madzi ake. Mitsinje ya Mukuvisi ndi Marimba imatsika ndi zonyansa za mumzinda, kuphatikizapo majumbo amene timataya m'ngalande za kuno kwathu. Namasupuni, amene wavutitsa nyanjayi kwa zaka zambirimbiri, amanenepa ndi zonyansazo. Jumbo limodzi kapena mizu yochepa ikamata pa timabowo tolowera madzi, ngakhale pampu yabwino imavutika. Nanga yofooka kale?

Woyendetsa maso anali kutsogolo. Injini zazing'ono zakale zimenezi zilibe belu lochenjeza kutentha. Chenjezo lake ndi kabowo kaja, ndipo kali kumbuyo. Mwana ndi amene anayamba kuona.

“Ababa, kukutuluka nthunzi!”

“Ndi utsi umenewo, khala pansi.”

Posakhalitsa kunamveka fungo la penti wopserera. Liwu la injini linasintha, mphamvu inatsika, kenaka inangoti zii. Akanaisiya pamenepo, mwina ikanapulumuka ndi mabala ochepa. Koma mantha anamugwira. Anachotsa chivundikiro, anatunga madzi a m'nyanja ndi chigubu n'kukhuthulira pa hedi yotentha, chitsulo chinalira kuti tsweee. Atadikira pang'ono anakoka chingwe, injini inavomera, ndipo anatsegulanso moto. Sinapite patali. Ulendo uno itazima, chingwe chinakana kukokeka. Pisitoni inali itagwirana ndi silinda.

Mdima unawapeza pakati pa madzi. Ndi nkhafi imodzi boti linkangozungulira, ndipo mphepo inawakankhira m'chigulu cha namasupuni, mmene ngakhale nkhafiyo sinkalowa. Mafunde ankamenya m'mbali, madzi n'kumalowa, mnzake akukapa ndi chigubu chomwe chija. Kusambira sakanayerekeza, chifukwa m'nyanjamo muli ng'ona, ndipo mwanayo sankadziwa n'komwe kusambira. Bamboyo ananena pambuyo pake kuti chimene chinkabwera m'mutu mwake usiku umenewo ndi ana 11 amene anamira m'nyanja yomweyi pa Khirisimasi ya 2011, boti lodzaza mopitirira muyeso litagubuduzika. Anamukumbatira mwana wake, mwanayo akunjenjemera, osalira, akungofunsa ngati amayi akudziwa kumene ali.

Usiku utapita ndithu, asodzi ena amene ankakaona maukonde awo anaona kuwala kwa foni, nawayandikira, nawaponyera chingwe. Onse atatu anafika kumtunda ali moyo. Ku Southerton mayi wa mwana anali atagogoda kale makomo a abale onse.

Patapita masiku, injini inabwereranso ku Rugare. Amalume sanakalipe. Anayala nsalu, namasula chimodzichimodzi mwana wa mlongo wawoyo akuonerera. Penti wa pa hedi anali atasanduka wofiirira. Gasiketi ya hedi inali itapsa pakati pa masilinda awiri, hediyo itapindika chifukwa cha madzi ozizira aja. Pisitoni yam'mwamba inali itasungunuka m'mbali, zitsulo zake zitamatirira m'silinda, ndi mikwingwirima yozama yoti chikhadabo chinkakodwamo. Impela yatsopano ija inali itatha kale nsonga. Pokhala yaifupi, madzi ankathawira pamwamba pake m'malo mokwera. Pomaliza mkuluyo analowetsa kawaya polowera madzi kumutu kwa injini, natokosa, ndipo panagwa tizidutswa tiwiri takuda. Anatitola n'kutiika m'dzanja la mnyamatayo.

“Si awa mapiko ndinkafunsa aja?”

Mpweya wa pakamwa unkadutsa m'mbali mwake, madzi ochepa a moto wapansi ankadutsanso. Koma pa moto wonse madzi anatikankhira pamalo opapatiza, njira n'kutsekeka.

“Amalume, ingakonzeke?”

“Ingakonzeke ndi ndalama zoposa zimene unagulira, ngati mapisitoni ake angapezeke. Koma usalire injini, mwanawe. Pita ukathokoze Mulungu kuti mwana uja akudya nsima lero.”

Injini imene inakhala yamoyo zaka zoposa 40 inafa pa tsiku limodzi. Siinafe ndi ukalamba. Mainjini akale amenewa ndi olimba, osavuta kukonza, ndipo ambiri akugwirabe ntchito ku Kariba, ku Cahora Bassa ndi pa nyanja ya Malawi. Inafa chifukwa mwini wake anakhulupirira khutu n'kukana diso. Kulira kwa injini kumangosonyeza kuti moto ndi mafuta zilipo. Za madzi sikunena kanthu. Safunsa anadya phula, koma uyu anafunsa, anauzidwa, n'kusankha njira yachidule.

Tsono inu amene muli ndi injini yotere, kaya muli ku Harare, ku Nkhata Bay, ku Monkey Bay kapena ku Metangula, tengani izi.

Musalize injini ya boti popanda madzi, ngakhale kwa kamphindi, ndipo wogulitsa akailiza youma pamaso panu, dziwani kuti impela yake yatha. Poyesera mumgolo, madzi amize mwendo mpaka kupitirira polumikizira pamene pali pampu, chifukwa pampuyi siyamwa madzi ali pansi pake. Injini imene yakhala zaka osagwira ntchito isinthidwe impela isanalizidwe n'komwe. Imene ikugwira ntchito, amisiri ambiri amati isinthidwe chaka chilichonse kapena pakatha zaka ziwiri, makamaka ngati imayenda m'madzi a mchenga ndi matope.

Mukatsegula pampu n'kupeza mapiko osakwana, ntchito yanu yoyamba ndi kuwasaka. Chotsani thermostat kwa kanthawi, thirani madzi amphamvu kuchokera kumwamba kuti atsike ndi paipi, ndipo tcherani nsalu pansi muone zimene zikugwa. Sinthani mbale yapansi ngati yakumbika, ndi chikho cha pampu ngati chasungunuka kapena chakulungika. Poveka impela yatsopano onetsetsani kuti kakiyi kakhala m'malo mwake, pakani sopo wamadzi pang'ono m'chikho, ndipo pamene mukutsitsa chikhocho zungulitsani shafiti mmene imayendera mivi ya wotchi, kuti mapiko apindikire mbali yoyenera. Pobwezera mwendo, kapaipi ka madzi kalowe bwinobwino m'kamphira kake ka pa pampu; kakaphonya, pampu idzapopa koma madzi sadzafika kumutu. Girizi pakani m'mbali mwa mano a shafiti, osati pansonga pake. Mwendo uli pansi chomwecho, yang'ananinso oyilo wa m'giyabokosi: akaoneka woyererako, madzi akulowa, ndipo masilo afunika kusintha.

Thermostat siikidwa kuti ikongoletse. Imasunga injini pa kutentha koyenera, ndipo ya mainjini ambiri otere imatseguka madzi akafika pafupifupi madigiri 60. Popanda iyo injini imayenda yozizira, mapulagi amada, petulo amatha msanga, ndipo m'mainjini ena madzi amangodutsa osadzaza timisewu tonse. Kuiyesa n'kosavuta: iponyeni m'poto wa madzi pamoto muone ngati ikutseguka madzi asanawire. Ikakana, gulani ina.

Mainjini ena akale kwambiri, monga a Johnson ndi Evinrude a m'ma 1960, alibe kabowo ka m'mbali. Madzi ake amawazika potulukira utsi kumbuyo kwa mwendo, ndipo m'pamene muziyang'ana. Pa amene ali nako, nthawi zina kabowoko kamangotsekedwa ndi mchenga kapena dothi la mavu, ndipo kawaya kofewa kamatsegula. Koma musaganize kuti ndi mavu musanatsimikize. Gwirani hedi ndi dzanja injini itayenda kanthawi: ngati simungathe kupirira masekondi angapo, yatentha mopitirira. Musaiwalenso muyezo wa oyilo. Ambiri a mainjiniwa amafuna gawo limodzi la oyilo pa magawo 50 a petulo, kutanthauza mamililita 100 pa malita 5, koma akale kwambiri amafuna wochulukirapo, choncho funsani za injini yanuyo.

Muli panyanja, zolowerani kucheuka. Mukaona madzi achepa kapena asanduka nthunzi, zimitsani nthawi yomweyo, tukulani mwendo, chotsani jumbo kapena udzu umene wamata, ndipo dikirani injini izizire yokha. Musaithire madzi ozizira. Mukailiza n'kuona kuti madzi sakutulukabe, isiyeni, gwirani nkhafi. N'chifukwa chake m'boti muyenera kukhala nkhafi ziwiri, nangula ndi chingwe chake, tochi, chokapira madzi, ndi jekete yoyandamitsa ya munthu aliyense, kuyambira mwana. Ndipo kunyumba adziwe kumene mwapita ndi nthawi imene mubwere.

Mawu a akulu akoma akagonera, koma panyanja si onse amene amapatsidwa mwayi wodzawakumbukira m'mawa mwake. Ngati chipangizo choyenera sichinafike, dikirani. Nsomba sizitha, ndipo Loweruka lina likubwera. Injini imene madzi ake akutuluka modukiza isachoke pagombe, ndipo musakwezemo mwana wa munthu, ngakhale wanu.